Mwala Unalowera Padenga

Ine ndimaswa miyala. Ndinayamba ntchitoyi mwana wanga woyamba ali kumsana, pano iyeyo ali ndi wake wakumsana. Timagwirira pansi pa phiri, m'mbali mwa msewu wafumbi, ndipo nyumba zathu zili pomwepo, kuseri kwa milu ya miyala. Aliyense ali ndi malo ake: mwala wokhalira, mwala woswerapo, hamala yaing'ono, ndi kachidutswa ka tayala kopinda kogwirira mwala kuti zala zitsale. Amuna anga ankakwera kumtunda ndi hamala yaikulu kukagumula zimiyala, ine n'kumaziphwanya pansi kuti zikhale kwale womangira nyumba. Sitinalemere nazo. Koma sitinagogodepo pakhomo pa munthu kupempha mchere.

Boma linatipeza pomwepo. Linabwera pa galimoto zoyera tsiku lina dzuwa likuswa mtengo. Mmodzi mwa otsika anali mlongo wanga, mzime wa m'banja mwathu, mwana amene ndinamusambitsa ndi manja anga omwewa. Kwathu timangomuitana kuti Mzime. Anaphunzira, anapeza ntchito ku ofesi ya zamigodi, ndipo tsiku limenelo anali atakumbatira chikwama cha abwana ake ngati muli mazira. Atandiona anagwedeza mutu pang'ono, moni wa munthu amene wakuona koma sakufuna kuti ena adziwe.

Abwanawo anali munthu wa pakamwa posalala. Anati boma latiganizira. Anati nthawi yoswa miyala mwachisawawa yatha, tipange gulu, tisankhe wapampando, boma litipatsa chiphaso, ndipo chiphasocho chikatuluka palibe adzatisunthe. Anatinso makina ogaya miyala ali m'njira. Kenako anatigawira zipewa zolimba zachikasu, tinavala, anatijambula mano onse ali pamtunda.

Wapampando tinasankha mnzanga amene timamutcha aWailesi, chifukwa akayamba kulankhula palibe pothimitsira. Pomwepo aWailesi anakweza dzanja.

"Bwana, makinawo ali m'njira iti, kuti tikawachingamire?"

Anthu anaseka, abwananso anaseka, galimoto zinanyamuka.

Kuyambira pamenepo ine ndi aWailesi tinakhala anthu a pabenchi. Benchi ya pakhonde la ofesiyo ndimaidziwa kuposa mpando wa kutchalitchi. Lero osaina ali kumsonkhano. Mawa magetsi azima. Mkuja osaina abwera koma odinda apita kumaliro. Tinkabwerera mapazi atatupa, tsiku lathunthu hamala itagona. Mzime akatiwona pawindo ankatuluka, n'kunong'ona kuti, "Zili pa tebulo, achemwali, pirirani."

Tikupirira choncho, kunabwera anthu a zovala zowala ndi chingwe choyezera. Anakhoma zikhomo kuzungulira phiri. Zikhomo zinasanduka mitengo yachitsulo, mitengo inavala waya. Pageti anaimikapo chikwangwani cha kampani, ndipo pansi pake analemba kuti kampaniyo ili ndi chiphaso cha boma. Tebulo lomwelo, osaina omwewo, odinda omwewo. Chawo chinatuluka mvula isanakate.

Amuna anga anakwera m'mawa wina monga mwa nthawi zonse, mlonda anawabweza pageti. Anatsika hamala ili paphewa, anaiika kuseri kwa chitseko, anakhala pansi. Munthu amene ankadziwa mtsempha uliwonse wa phirilo anayamba kutola zotsalira zogubuduka pansi pa waya ngati nkhuku.

Ndiye kunayamba kuphulitsa. Amene sanamvepo sangamvetse. Sizimalowera m'makutu, zimalowera kumapazi. Mbale zimayenda zokha pashelefu, ana amadzikodzera, fumbi limatsika ngati chifunga mpaka madzi a mumtsuko amachita khambi. Kampani inali ndi munthu wochenjeza, wa wenzulo ndi kansalu kofiira, koma ankaima mbali ya msewu kumene kumadutsa malole awo. Mbali yathu ya nyumba tinkadziwa kuti aphulitsa titamva kale. Khoma la kuchipinda kwathu linang'aluka kuchokera pawindo mpaka pansi, moti ukagona umaona miyendo ya anthu odutsa panja.

Ndinapita kunyumba kwa Mzime Lamulungu masana. Mlamu wanga anandilandira bwino, anandipatsa mpando wofewa, anathawira kukhitchini ataona nkhope yanga. Ndinatembenukira kwa Mzime.

"Iwe, ndiuze. Boma limalola kuphulitsa miyala pamwamba pa mitu ya anthu?"

"Ayi, achemwali. Malamulo alipo. Pamayenera kukhala mtunda pakati pa pophulitsira ndi nyumba za anthu. Pamayenera kukhala chochenjeza chomveka mbali zonse."

"Alipo kuti malamulowo?"

"M'buku."

"Ndiye bukulo libwere lidzagone kwathu."

Anapukuta nkhope ndi manja. Anati iye ndi wamng'ono. Anati anawauza abwana, ndipo abwana anati kampaniyo ikupereka miyala yomangira msewu waukulu, sangaiimitse chifukwa cha khoma la munthu. Anati oyendera migodi alipo ochepa, galimoto ilibe mafuta, ndipo akafuna kupita kuphiriko amakwera galimoto ya kampani yomweyo.

"Ndiye mukakwera galimoto yawo mumaona chiyani?"

"Timaona zimene atiwonetsa."

"Ndinakusambitsa ine, iwe. Ndinkayesa kuti uli ndi maso ako."

Ndinatuluka osatsanzika.

Tsiku limene zinachitika amuna anga sanadzuke bwino. Chifuwa chinawagwira, thupi likutentha, ndinawasiya atagona ndipo ine ndinapita pamalo panga. Chakumasana pansi panagwedezeka kuposa masiku onse. Ndinamva chinthu chikulira m'mwamba, kenako phokoso la malata ngati galimoto zawombana. AWailesi anaimirira, kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu anawathera. Anangoloza nyumba yanga.

Sindikumbuka kuthamanga. Ndikukumbuka kuwala. M'chipinda mwathu mumakhala mdima ngakhale masana, koma tsikulo munali mowala ngati panja. Padenga panali chibowo, phaso litathyoka, malata atapindikira mkati. Bedi linali litathyoka pakati. Mwala unali pamenepo, waukulu ngati thumba lodzaza, mbali imodzi yoyera mbuu pamene unang'ambikira kuphiri. Mwendo wa amuna anga, kuyambira pabondo kutsika, unali pansi pake.

Sankalira. Ankangondiyang'ana, milomo ili mbuu ndi fumbi. "Mayi, chotsani ichi," anatero, ngati akunena za mphaka wakwera pabedi.

Amuna anzawo anautembenuza ndi zitsulo zogumulira. Tinamanga mwendo ndi nsalu yanga. Amene anatitengera kuchipatala ndi woyendetsa lole ya kampani yomweyo. Anaima yekha ataona anthu akukuwa, anatikweza kutsogolo, anayendetsa akutukwana mabwana ake njira yonse. Mulungu amusunge munthu ameneyo kulikonse ali, chifukwa ndinamva kuti sanachedwe kumuchotsa ntchito.

Madokotala anayesa. Mwendo unada, unayamba kununkha, anaudula pansi pa bondo.

Amuna anga adakali m'chipatala, kunabwera mkulu wa kampani kunyumba, atavala nsapato zazikulu zosadetsedwa. Anabweretsa shuga ndi sopo m'jumbo. Anati pepani kwambiri, ndi ngozi, ngozi ilibe mwini. Kumbuyo kwake kunali anyamata ake ndi chingwe.

"Awa abwera kudzatani?"

"Adzachotse mwalawo, mayi, kuti mukonze m'nyumba."

Ndinaima pachitseko. "Mwala uwu unalowa wokha osaodira. Ndi mlendo wanga. Utuluka tsiku limene ine ndanena. Shuga wanuyo tengani, mukathire pamwendo wa amuna anga mwina uphuka."

Anapita. Ndinadikira aboma kuti abwere adzaone. Ndinagona pansi pambali pa mwalawo, ndikuona nyenyezi pachibowo, kudikira galimoto yoyera. Mzime anapita kuchipatala kukaona alamu ake, analira, koma nditamufunsa za oyendera migodi anayang'ana pansi. Nkhani inali yomwe ija ya mafuta. Kuphiri anapuma pang'ono ngati anthu amanyazi, kenako anayambiranso kuphulitsa.

Tsiku limene ndinamvanso pansi pakugwedezeka, ndinapita kwa aWailesi.

"Bwerekeniko wilibala yanu."

"Mukufuna kutani nayo?"

"Boma lilibe mafuta obwerera kuno. Ine miyendo ndili nayo iwiri."

M'mawa mwake tinaukweza mwalawo mothandizana ndi amayi anzathu, tinayala thumba pansi kuti usaboole wilibala. Magazi anali atauma mbali imodzi, sindinawatsuke. Tinkakankha mosinthana ndi aWailesi. Tayala linkalira njira yonse ngati mwana wanjala. Malole a kampani ankatidutsa n'kutisambitsa fumbi. Titalowa m'tauni anthu anayamba kutifunsa. Wogulitsa nsapato m'mbali mwa msewu anakuwa kuti, "Amayi, mwala umodzi mumanga nawo nyumba yanji?" AWailesi anamuyankha, anayankhanso wina, anayankha msewu wonse. Pofika pageti la ofesi, kumbuyo kwathu kunali kagulu ka anthu osadziwika, ena atakweza mafoni.

Mlonda wa pageti ankatidziwa chifukwa cha benchi ija.

"Amayi a chiphaso, lero mwanyamula chiyani?"

"Tabweretsa mwala kuti auyeze," anatero aWailesi. "Si ofesi ya miyala ino?"

Mlondayo anayang'ana magazi aja, anayang'ana ine, anatsegula geti lonse.

Mkati muli kanjira kopukutidwa bwino, ndipo m'mbali mwake muli kabati yagalasi mmene anaikamo timiyala tokongola, kalikonse ndi dzina lake. Ndinadutsa pamenepo ndi wilibala, tayala likusiya mzere wamatope. Mlembi wa abwana, mtsikana wa zikhadabo zazitali, anaimirira. "Amayi, simungalowe, ali ndi mlendo!" Ndinakankha chitseko ndi mphuno ya wilibala.

Mlendoyo anali mkulu wa kampani uja. Anali atakhala pampando wofewa, kapu ya tiyi ili m'manja. Abwana anali kuseri kwa tebulo lalikulu. Ndinaliyang'ana tebulolo, ndinaganiza kuti ndi lomwe lija chiphaso chathu chinagonapo mpaka kukalamba.

Ndinakweza zigwiriro. Mwala unagubuduka, unagwa pansi, matailosi anaphulika, makapu analumpha. Chithunzi china chinagwa pakhoma.

"Uwu ndi wanu," ndinatero. "Unasochera, unalowa kwathu."

Abwana anaimirira pang'onopang'ono. Ndimaganiza kuti afunsa za amuna anga. Ndimaganiza kuti mwina achita manyazi. Anakonza tayi, anatsokomola.

"Mayi, mwala uwu mwautenga kuti?"

"Pabedi panga."

"Ndikufunsa kumene unachokera."

"Afunseni awa akumwa tiyiwa."

"Ngati unachokera pamalo a kampani, ndiye kuti ndi katundu wa kampani. Kodi mukudziwa kuti kunyamula mwala wochokera pamalo achiphaso, inu mulibe chilolezo, ndi mlandu?"

AWailesi akuti ndinaseka kaye. Ine sindikukumbuka kuseka.

"Chilolezo? Mwalawu pouluka kudutsa waya wanu unali ndi chilolezo? Poboola denga langa munaudindira ndinu? Podya mwendo wa amuna anga unasainitsa kwa yani? Ine ndakhala pabenchi panjapo mpaka matako kuchita zipsera, kupempha kapepala koti ndiziswa miyala ndi hamala, hamala yokha, yosapha ngakhale buluzi. Munati osaina kulibe. Awa atabwera ndi mabomba osaina anapezeka! Munatisonkhanitsa ngati ana, munatijambula, zithunzi zathu munapita nazo kwa akuluakulu anu kuti aone mmene mukuthandizira amphawi. Thandizo lanu ndi ili pansili. Lero mwakumbuka kuti kuli malamulo chifukwa matailosi anu asweka? Mwendo wa munthu ndi matailosi chodula n'chiyani?"

Mkulu wa kampani anaika kapu pansi. "Mayi, ife tinabwera kudzapepesa..."

"Inu khalani chete. Inu ndi fisi, ntchito yanu ndi kudya. Ine ndabwera kwa amene anapatsidwa khola kuti alondere."

Pachitseko panali patadzaza antchito a muofesimo. Pakati pawo ndinaona Mzime, mapepala ali m'manja, nkhope ngati waona mzukwa. Abwana anamuloza.

"Iwe, imbira apolisi. Mayiyu wapenga."

Mzime sanasunthe.

"Wamva? Kapena ukumudziwa?"

"Ndi achemwali anga, bwana," anatero Mzime. "Amene anadulidwa mwendo ndi alamu anga. Nyumba zija tinaziona limodzi tsiku loyezera, ndinakuuzani kuti zayandikira kwambiri."

"Sindinakufunse zimenezo."

"Foni sindiimba, bwana."

Sananene zambiri kuposa pamenepo, ndipo musaganize kuti mtima wanga unasungunuka. Mawu amenewo akanawanena mokweza chotero mwendo udakalipo, bwenzi ndikumuvinira. Koma anawanena, anthu anamva.

Abwana anaimba okha. Kunabwera apolisi, mmodzi wamkulu wa mimba, wina wowonda. Atamva nkhani yonse wamkuluyo anakanda m'mutu. Anati atenga ine, atenganso mwalawo ngati umboni. Wowonda uja anawerama, anaukumbatira, anakoka mpaka chipewa chinagwa. Mwala sunasunthe. Anapempha wilibala.

"Wilibala ndi yanga," anatero aWailesi, "ndipo ilibe chilolezo chonyamula miyala ya kampani. Mukufuna mundimangitse?"

Anatuluka nayo yopanda kanthu, tayala likulira. Mwala unatsala pakati pa ofesi. Ndinamva kuti unakhala pamenepo nthawi ndithu, alendo akuuzungulira popita kukapereka moni, chifukwa apolisi anati umboni usakhudzidwe ndipo galimoto yawonso inalibe mafuta.

Kupolisi anandikhazika pabenchi ina. Sanandilowetse m'chitolokosi. Chakumadzulo ndinamva phokoso lodziwika panja: amayi anzanga anali atabwera ndi mahamala awo, atakhala m'mbali mwa msewu, akugogoda timiyala pamodzi, kha, kha, kha, osayimba, osakuwa. Wapolisi wamkulu uja anasuzumira pawindo, anabwerera, anati, "Mayi, pitani kwanu. Tikakufunani tikuitanani." Mpaka lero sanandiitane.

Zimene anthu anajambula pamafoni zinayenda. Pawailesi yeniyeni analankhulapo. Ndiye mafuta anapezeka. Kunabwera galimoto zambiri zoyera, anthu a matayi anaima m'chipinda mwanga akuyang'ana kumwamba pachibowo, akugwedeza mitu ngati sanaonepo thambo. Anaimitsa kampani kwa kanthawi. Anakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo wotsogolera komitiyo anali abwana omwe aja.

Zotsatira zake ndi izi. Kampani inauzidwa kuti izikaphulitsa mbali ina ya phiri, iike chochenjeza cholira mokweza, ndipo ikonze denga langa. Anakonzadi: anasintha malata awiri obooka aja, ena onse opindika anawasiya, khoma long'aluka anati linali lakale. Anawapatsa amuna anga ndodo zoyendera. Za chipukuta misozi akuti zili pa tebulo. Abwana adakali pampando wawo. Mzime anamusamutsira kutali, kumalire, kumene ntchito yake ndi kuima pamsewu kuyang'ana malole a mchenga. Amandiimbira foni nthawi zina. Timafunsana za ana, timatsanzikana.

Chiphaso chathu chinatuluka. Anatiitana, anatipatsa pamaso pa ojambula. Malo amene analembapo ali kutsidya kwa mtsinje, kopanda msewu, kumene mwala wake ndi wofumbwa, ukaumenya umasanduka dothi. Palibe womanga nyumba angaugule. AWailesi anawauza pomwepo kuti atipatsa chiphaso choswa zigulumwa. Tinabwerera pamalo pathu pakale, ndipo tsopano akuti tikuswa lamulo kawiri, chifukwa malo athu ovomerezeka tili nawo.

Amuna anga anatuluka m'chipatala. Amakhala pambali panga ndi hamala yaing'ono, ntchito imene kale ankati ndi ya amayi. Amaswa mwachangu kuposa ine, mwaukali, ndipo munthu akabwera ndi nkhope yachisoni amamuthamangitsa. Mbali ina ya phiri ija inatha msanga, moti kampani yabwereranso pang'onopang'ono mbali yathu. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano amatichenjeza. Chinthu chawocho chikalira, tonse tiyenera kusiya ntchito, kutuluka m'nyumba, kuthawira kuseri kwa sitolo ya kumunsi.

Anthu amathamanga, ana patsogolo. Ife awiri timatsalira. Amuna anga amaponya ndodo, n'kudumpha, amaponya ndodo, n'kudumpha, thukuta lili chuchuchu, ndipo safuna kuti ndiwagwire. Ine ndimayenda pambali pawo ndikutukwana. Ndimayambira kwa abwana, ndimapita kwa osaina, kwa odinda, kwa komiti, mpaka kwa amene anawalemba ntchito onsewo.

Dzulo anaima pakati panjira, anapumira m'mwamba, anandiyang'ana.

"Mayi, mwamuiwala fisi uja wa kampani."

"Ndikubwera kwa iyeyo. Yendani."

Tinafika kuseri kwa sitolo pansi patayamba kale kugwedezeka.